RTX, Vulkan na ma ray: nchito yopilikisa kuwala, olo malaiti ayende mu Nangongwe

Siku lina chakumazulo, zuwa likayamba kufiila, chokani mu Nangongwe mukaimilile pafupi na bridge ya Kafue, muyangane pa manzi. Muzaona mitengo yaimilila mutu pansi, bwato la msodzi lili na linzake kunsi kwake, na truck imene iyenda ku Chirundu kapena ku Livingstone ionekela mu mtsinje ili kunjenjemela. Imwe simulipila olo ngwee kuti muone ivi. Koma kuti kompyuta ikujambulileni chithunzi cha so, ka 60 pa sekondi imozi, kopanda kunamizila, akaswili anavutika nayo zaka pafupifupi 40.

Zina lake ni ray tracing. Ngati muli na mwana kapena mufana wanu amene akuvutani usiku na usana ati "nigulileni laptop ya RTX", iyi ndiye nkhani ili kumbuyo kwa tumalemba tutatu uto. Ndipo ngati ndimwe mwine wake amene mulila RTX, khalani pansi timvane, chifukwa kusewela game ili na ray tracing na kuilemba imwe mweka ni vinthu viwili vosiyana kutali. Kusewela kufuna ndalama chabe. Kulemba kufuna ndalama pang'ono, mutu maningi, na mtima wosatopa na screen yakuda.

Ma game akale amatinamiza

Vonse vamene muona mu game, player wa bola, motoka, nyumba, nkhope ya munthu, vinamangiwa na tuma triangle tung'onotung'ono. Njila yakale yojambulila, imene akaswili aitana rasterization, itenga triangle imozi, iyangana pamene igwela pa screen, ipenta pamenepo, itenga inzake. Ithamanga kwambili, ndiye chifukwa chake ikali kusewenza mpaka lelo. Vuto ni yakuti triangle iliyonse siiziwa kuti anzake ali kuti. Manje mthunzi uzachokela kuti? Galasi izaonesa chani? Apa programmer amachita vamatsenga, kukopa uku, kupenta uko, kuti maso yanu yakhulupilile.

Mukayenda pa kashop ka ma game pamene anyamata aunjikana pa PS4, yesani ichi. Mu game ili na chithaphwi kapena nyanja, yanganani nyumba imene ionekela mu manzi, ndiye muweramise camera pansi pang'onopang'ono. Mu ma game ambili nyumba ija izasowa mu manzi monga ngongole ya munthu wosamuka usiku. Game inali kungokopa vamene vinali kale pa screen, so nyumba yeniyeni ikachoka pa screen, ya mu manzi nayo yayenda.

Ray tracing ichita vosiyana. Ilondola njila ya kuwala, kamzele kamozi kamozi, ndipo kamzele ako ndiye ray. Zaka 1,000 zapitazo ku Cairo, Ibn al-Haytham anafotokoza kuti timaona chifukwa kuwala kumachoka pa vinthu kulowa mu diso. Kompyuta itenga nzelu iyo n'kuitembenuza. Kuwala kwambili kochoka ku zuwa sikufika mu diso lanu, so kukulondola konse ni kutaya nthawi. M'malo mwake ray iyambila pa camera, ipyola pa kadontho kamozi ka screen, pixel, n'kuyenda mpaka igunde chinthu. Ikagunda chipupa, ituma ray ina ku zuwa: ngati pali chochinga pakati, apo ni pa mthunzi. Ikagunda manzi, injuka n'kuyenda kukaona chili mbali ina. Mthunzi na vooneka mu galasi vibwela veka, palibe wopenta.

Nzelu iyi si ya mailo. Arthur Appel wa ku IBM anailemba mu 1968, ndipo mu 1980 Turner Whitted wa ku Bell Labs anaonesa chithunzi cha tumipila tuwili, kena ka galasi, pamwamba pa floor ya mabokosibokosi. Chithunzi chimozi chabe chinatenga mphindi 74 pa kompyuta yaikulu ya VAX. Nthawi iyo mungakwele basi pa Kafue n'kufika mu Lusaka, olo mupeze mzele wa mamotoka pa Makeni. Opanga mafilimu anali na nthawi yolindila, ndiye Pixar inasewenzesa ray tracing pa kung'anima kwa mamotoka mu filimu ya Cars mu 2006. Koma game siilindila. Screen ya 1920 na 1080 ili na ma pixel 2,073,600. Ray imozi pa pixel iliyonse, ka 60 pa sekondi, ni ma ray opitilila 124 miliyoni pa sekondi, ndipo apo mukalibe kuwelengela ya mthunzi olo imozi.

Vinthu vinasintha mu 2018. Mu March Microsoft inaonesa DirectX Raytracing, ndipo mu August Nvidia inalengeza ma card oyamba a RTX, muli tumbali twapadela, ma RT core, tumene nchito yake ni imozi chabe: kupeza pamene ray yagunda. PlayStation 5 na Xbox Series X vinabwela nayo mu November 2020.

Kugula nsima kapena kuyambila ku chigayo

Manje tiyeni ku khichini, kumene kuli nkhani yeniyeni. Graphics card siimva Chinyanja olo Chizungu. Programmer akamba nayo kupitila mu malamulo amene aitaniwa API. Yakale yotchuka, OpenGL, inali monga kuyenda pa market kukagula nsima: mwakamba, mwalipila, mbale yabwela. Vamene vachitika ku mbaula si vanu.

Vulkan, imene bungwe la Khronos linatulusa mu February 2016, ili monga kupasiwa saka ya chimanga. Muyende nayo ku chigayo mweka, musakile malasha, muyashe mbaula, mutenge manzi, muziwe na nthawi yoikila unga. Anzake ni DirectX 12 ya Windows na Xbox, na Metal ya Apple. Izi ndiye aziitana low-level, kutanthauza kuti muli pafupi na chisulo, palibe wokuchingani. Kuti muoneseko triangle imozi chabe pa screen mu Vulkan, mumalemba mizele ya code pafupifupi 1,000. Inde, triangle imozi. Nanga anthu azivutisila chani so? Kaili wophika yekha aziwa malasha angati yamene yapita, ndipo palibe chotayika. Mu game muli na ma millisecond 16 chabe kuti chithunzi chimozi chiphike, so kalikonse kotayika kaoneka.

Mbali ya ray tracing mu Vulkan inamalizika mu November 2020, ndipo ubwino wake ni wakuti siili ya kampani imozi. Code imozi ingayende pa card ya Nvidia, ya AMD kapena ya Intel, pa Windows na pa Linux.

Nchito yoyamba ya programmer ni kumanga chamene aitana acceleration structure. Ganizani kuti mwatumiwa kukapeleka kalata kwa munthu mu Kafue. Simuyamba kugogoda chiseko chilichonse kuchokela ku Shikoswe, kupita mu Estates mpaka ku Zambia Compound. Mufunsa kaye kuti ni komboni iti. Akakuuzani kuti Nangongwe, makomboni ena onse mwayataya pakamozi. Mufunsa mbali iti, kufupi na kiliniki kapena na market, ndiye mzele uti, ndiye nyumba. Mafunso asanu chabe, mwafika. Card nayo ichita chimozimozi. Ma triangle onse aikiwa mu tumabokosi, tumabokosi mu mabokosi, mabokosi mu vimabokosi. Ray ikaphonya chibokosi chachikulu, vonse vili mukati mwake vaiwalika. Kulibe ichi, ray iliyonse ikanafunika kufunsa triangle iliyonse, ndipo game ikanayenda monga nkhono.

Vulkan igawa ichi pawili. Cha pansi chisunga maonekedwe a chinthu chimozi, tinene minibasi. Cha pamwamba chisunga chabe ndandanda: minibasi iyi yaima apa, ija yaima apo, ina yayangana uku. So mungazaze station yonse na mabasi 50 koma mu memory muli basi imozi. Mabasi yakasuntha, mukonza ndandanda ya pamwamba chabe, imene ni yopepuka. Ine apa ndiye pamene nimaikondela nchito iyi, chifukwa ni nzelu ya kondakita weniweni, osati ya masamu ya pa bolodi.

Ndiye pabwela ma shader, tumapulogilamu tung'ono tumene tuyenda pa card. Kamozi kaponya ma ray kuchoka pa camera. Kena kauka ray ikagunda chinthu chapafupi, n'kugamula kuti apa ni simenti, apa ni manzi, apa ni malata. Kena kauka ray ikaphonya vonse, ndipo nthawi zambili kangopenta kumwamba. Kuti card iziwe kuti iuse kati, mumailembela tebulo, shader binding table. Apa ndiye polilila ambili. Tebulo iyi ifunika kukhala mu memory mwa miyeso yeniyeni imene card yanena. Pa ma card a Nvidia chizindikilo cha shader chitenga ma byte 32, ndipo chigawo chilichonse chiyambila pa nambala yogawika na 64. Ma card ena angakhale na miyeso yawo, so mufunika kufunsa card, osati kulota. Mukaphonya na pang'ono, palibe wokuuzani kuti "ba boss, mwalakwisa apa." Screen ingoda bii, kapena pulogilamu ivalika yeka.

Chinanso chogwesa anthu ni nthawi. Mu card muli anchito masauzande amene asewenza pakamozi, ndipo Vulkan siiwauza kuti alindilane. Ndimwe muika malamulo, ma barrier, onena kuti osaponya ray mabokosi yakalibe kusila kumangiwa. Mukaiwala, ni monga kuthila unga manzi yakalibe kuwila. Choipa kwambili ni chakuti pa kompyuta yanu vingayende bwino, pa ya mnzanu n'kufa. Mwamwayi Vulkan ili na ma validation layer, wapolisi wa pa mseu amene mumamuyasha pophunzila kuti azikuimikani mukalakwa. Osamuzima olo akuvuteni bwanji na mauthenga yofiila.

Ndipo olo vonse viyende, chithunzi choyamba chimatuluka na tumadonthomadontho monga TV yakale ikataya signal, chifukwa ray imozi kapena ziwili pa pixel sizikwana. Ma game amachisuka na pulogilamu ina, denoiser, imene iyangana ma pixel oyandikana na vithunzi vapita. So musanamiziwe na ma advert: ma game ambili lelo akali kujambula mbali yaikulu na njila yakale, ray tracing aisungila mthunzi, magalasi na kuwala.

Musagule dzina la "gaming"

Apa makolo tchelani khutu, chifukwa ndiye pamene ndalama zimapsela. Mu mashop ya mu town mu Lusaka na pa Facebook muzapeza ma laptop ambili olembewa kuti gaming, ya malaiti yofiila pa keyboard, yooneka monga ndeke. Keyboard yowala siiponya ray olo imozi. Chofunika ni zina la card. Ku Nvidia ifunika kuyamba na RTX, kuyambila 2060 kupita pamwamba. GTX 1650, imene ili mu ma laptop ambili ya salaula, ilibe RT core. Ma GTX ena, monga 1060 ya 6GB na 1660, Nvidia inayalola mu 2019 kuyesako ray tracing kupitila mu driver, koma yayenda monga ngolo ya ng'ombe pa Great North Road. Ku AMD yanganani RX 6000 kupita pamwamba, ku Intel ma card a Arc.

Osakhulupilila sticker. Uzani wogulisa ayashe, musegule Task Manager, muyende pa Performance, muwelenge zina la GPU na maso yanu. Ngati ni yogwilapo kale, aike game isewele mphindi 30 mumvele fan na kutentha. Kafue mu October muiziwa, na fumbi ya mu komboni muiziwa. Laptop imene ipuma movutika mu shop ya air con siizafika Khisimasi ku Nangongwe.

Ndipo nkhani iyi siilinso ya mafashoni chabe. Indiana Jones and the Great Circle, game ya December 2024, na Doom: The Dark Ages ya May 2025, pa kompyuta siziyamba n'komwe ngati card ilibe ray tracing. Kumene vinthu viyenda kwaoneka. Na mafoni yayamba: chip ya Snapdragon 8 Gen 2 ili mu Galaxy S23 ili nayo, iPhone 15 Pro ya 2023 nayo ili nayo. Kafoni ka mutengo wapansi kamene ambili tili nako mu thumba kakalibe kufika uko.

Malaiti

Chowawa cha ise a mu Kafue muchiziwa kale. Mtsinje wamene tiona siku na siku ndiye upita ku Kafue Gorge kukazungulusa makina ya 990 megawatts, na ya Kafue Gorge Lower ya 750 megawatts. Koma chilala cha 2024, chamene boma inachitcha tsoka la ziko lonse pa 29 February, chinatifikisa pa load shedding yoyambila maola 8 mu March mpaka kufika maola 21 pa siku chakumapeto kwa chaka. Munthu aphunzila kujambula kuwala ali mu mdima, na kandulo pambali.

So muwelengele na malaiti. Card ya RTX 3060 yeka ikoka ma watt 170. Ija yaikulu, RTX 4090, ikoka 450. Kompyuta ya pa tebulo imene ikoka ma watt 300 ikasewenza maola 10 yadya ma unit atatu ya ZESCO. Laptop idya pang'ono ndipo ili na battery, koma mukaichosa ku magesi card ichepesa mphamvu yeka. Maganizo yanga ni yakuti wophunzila wa kuno atenge laptop. Kulemba code na kuwelenga kungachitike pa battery, kuyesa vinthu volema kulindile malaiti yakabwela, olo ikhale 02:00.

Nanga ndalama zili kuti?

Funso iyi izabwela pa nyumba, so tiyeni tiiyankhe mosabisa. Kafue ni tauni imene inakulila pa mafakitale. Makolo athu ambili anabwela kuno chifukwa cha Nitrogen Chemicals, imene inayamba mu 1970, na Kafue Textiles imene inavala kale. Kwa iwo nchito ni geti, overall na payslip. Nchito ya Vulkan ilibe geti mu Kafue, ndipo olo mu Lusaka simuzaona pa chipupa pepala yakuti tifuna graphics programmer. Amene akuuzani kuti mwana azayamba kulandila madola mu miyezi itatu akunamizani. Nchito izi zili ku makampani opanga ma game, ma chip na mapulogilamu ya mafilimu, ambili kunja, ndipo kuzipeza kufuna zaka, C++ yolimba na masamu ya ma vector na ma matrix. Chabwino chake ni chakuti mu nchito iyi chamene wapanga chioneka na maso, ndipo ungachionese kwa munthu ali ku Cape Town kapena ku Montreal uli khale mu Nangongwe.

Kumbukilani Supa Team 4, katuni imene Netflix inatulusa mu July 2023. Banailemba ni ba Malenga Mulendema ba kuno kwathu, nkhani yake ichitikila mu Lusaka ya kusogolo, koma makampani anaiyendesa ni Triggerfish ya ku Cape Town na CAKE ya ku London. Nkhani tili nazo, na oimba tili nawo. Amene achepa ni anthu a ku makina, oziwa chifukwa chake chithunzi chichedwa kutuluka na mochifulumizila.

Ndalama yapafupi ili mu Blender, pulogilamu yaulele yopangila vithunzi va 3D, imene isewenzesa ma RT core yamene aya kufulumiza nchito. Munthu amene amanga nyumba afuna kuiona ikalibe kumangiwa, na matailosi yake na kuwala kwa pa khonde. Oimba afuna tuvinthu mu ma video, mashop afuna ma advert. Ambili azathela apa, ndipo palibe choipa. Koma wamene analembako ray tracer yake amamvesa chamene batani iliyonse mu Blender ichita, pamene anzake angotinika n'kupemphela.

Poyambila sipafuna RTX

Ichi ndiye chamene ogulisa sazakuuzani. Ray tracer yoyamba siifuna graphics card olo pang'ono. Pali kabuku ka Peter Shirley, Ray Tracing in One Weekend, kanatuluka mu 2016 ndipo manje kali pa intaneti kwaulele. Kakuyendesani mu C++ wamba, pa laptop iliyonse, olo ija yakale ya ba uncle ya battery yakufa. Zina ikamba weekend imozi, koma ngati C++ mukali kuiphunzila, ipaseni mwezi. Pothela pake mutulusa chithunzi cha tumipila twa galasi na twa chisulo, chopangiwa na masamu yanu mweka. Chizachedwa kutuluka, mwina mphindi zambili, monga cha Whitted chija.

Makolo, apa ndiye poyesela. Mwana akabwela na nkhani ya RTX, muuzeni kuti ayambe wakuonesani tumipila uto. Akatulusa, ndipo ausiku mumupeza akali kulimbana na mthunzi wokana kukhala pamalo pake, yambani kusunga ndalama, mwina na chilimba chingathandize. Akalephela na kusegula kabuku, ninshi afuna chabe kusewela, ndipo iyo ni nkhani ina na mutengo wina.

Pambuyo pa tumipila ndiye pabwela Vulkan, ndipo osathamangila ma ray. Triangle imozi kaye, ija ya mizele 1,000. Khronos ili na maphunzilo na visanzo vaulele, Nvidia nayo ili na phunzilo ya ray tracing mu Vulkan imene iyenda sitepe na sitepe, ndipo code ya Quake II RTX, game yakale imene anaipanganso na ray tracing mu 2019, ili poyela kuti aliyense aiwelenge. Koperani vonse pamene bundle ilipo, muviike pa flash. Ngati mungakwanise ya basi, yendaniko ku BongoHive mu Lusaka, malo ya anyamata na asikana a makompyuta imene ilipo kuyambila 2011, mukafunse ngati pali wina amene alimbana na vinthu vamene ivi, chifukwa screen yakuda imapepuka mukaiyangana awili.

Siku yoyamba kuponya ma ray pa card, osayamba na mtsinje wa Kafue na bwato lake. Ikani triangle imozi, muuze shader yogunda kuti ipente vofiila, yophonya ipente va blue. Mukaona blue yekayeka, tebulo ili bwino koma ray siipeza triangle, so bwelelani ku mabokosi na kumene camera yayangana. Mukaona vakuda, yambani na ma byte 64 yaja.